Likhucha ndi Bakha wa Mlendo

Mwambi wa lerowu, ana inu, chiyambi chake n'chotere, ndipo wina akandidula mawu ndisiyira pomwepo.

Panali bambo wina wa ku Phalombe dzina lake Likhucha. Chaka chilichonse nyengo yachisanu ankawoloka nyanja ya Chilwa kupita pa chilumba cha Chisi kukayanika matemba. Ankakhala m'kanyumba ka bango, ali ndi bulangete limodzi, ketulo imodzi, ndi ndowa imene masana inali yotungira madzi, madzulo n'kukhala mpando. Munthuyu sanali woumira ayi. Matenda ake anali manyazi. Akangoona mlendo, chilichonse chimene anali nacho chinkamuipira m'maso, chabwino n'kukhala cha eni ake.

Tsiku lina m'mwezi wa Julaye bwato linakocheza movutikira, mphepo ya mwera itayamba kale kulusa. Munatsika Muhowa, mnzake amene anavinidwa naye limodzi. Anali asanaonane zaka makumi awiri.

"Achimwene, ndabwera kudzatsanzika," anatero Muhowa. "Maso akutha awa. Mwana wanga akunditenga ndikakhale naye ku Karonga, ndipo sindikhulupirira kuti ndidzabwererako. Ndiye ndati ndikamuone Likhucha maso asanathereretu, tikamenyeko bawo. Koma mphepo ikangogona ndibwerera ndi bwato lomweli, mwanayo akundidikira pa doko la Kachulu."

"Mphepo ya Julaye kugona?" anaseka Likhucha. "Muli pano mpaka mutatopa nane."

Anakondwa zenizeni, mpaka misozi inalengeza m'maso. Koma akupukuta misoziyo, maso anagwera pa bulangete lake lija. Linali ndi chiboo pakati choti mwana wa mbuzi n'kudutsa osakhudza m'mbali.

"Takhalani kaye pandowapa, ndikubwera."

"Mukupita kuti? Tiyi sitinamwe n'komwe."

"Mlendo wochokera kutali afunde chimenechi? Anthu andiseka."

Anapita kukabwereka bulangete. Munthu woyamba kumupempha anali ndi la ubweya koma munali mwana. Wachiwiri anali ndi latsopano koma mwini kiyi wa sutikesi anali ku nyanja. Anadikira kiyiyo. Pobwerera nkhuku zinali zitalowa kale, miyendo ikuwawa, ndipo anangomufunditsa mnzakeyo, n'kunena kuti zocheza mawa, iye n'kuyamba mkonono.

M'mawa mwake anadzuka n'kupeza Muhowa atakumba kale maenje a bawo pansi, kuseri kwa nyumba kumene mphepo sinkafika, timiyala ataika tiwiritiwiri. Anali atakhala pandowa.

"Bwerani, achimwene, ndikudyeni ngati kale."

Likhucha sanaone bawo. Anaona ndowa.

"Munthu wa imvi pandowa! Kusukulu kuli mpando wa ndalema, aphunzitsi sangandimane."

"Matako anga sanadandaule," anatero Muhowa.

"Ndi aulemu chabe. Ndikubwera."

Ana inu, sukuluyo inali kuseri kwa phiri. Aphunzitsi anamuuza kuti adikire ana aweruke. Ana ataweruka kunapezeka kuti mpandowo mwendo umodzi unali wogwedera, ndiye anaupititsa kwa kalipentala, kalipentala ali ku maliro. Likhucha anakhala nawo maliro a munthu wosamudziwa, mpando uli pambali, mpaka anathira nawo dothi. Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, mpando pamutu, mphepo ikumukankha uku ndi uku. Anapeza Muhowa akumenya bawo ndi a Jafali, nkhalamba yosoka maukonde ya nyumba yoyandikana nayo, onse awiri atakhala pansi penipeni. Zinamupweteka mumtima, koma anati palibe kanthu, mawa ndi langa.

Mawa lakelo Muhowa anamugwira dzanja.

"Likhucha, khala pansi. Bulangete ndafunda, mpando ndakhalira. Mbatata ilipo, matemba ndi awa mulu wonsewu. Ine sindinawolokere zimenezi."

"Ndamva, achimwene, ndamvadi. Koma mukafika ku Karonga akakufunsani kuti mnzanu anakupherani chiyani, mukati matemba?"

"Ndikati matemba."

"Iyayi! Bakha yekha basi. Akangopsa bakha, tikhala mpaka mutandithamangitsa."

Abakha a pafupi onse anawapeza chifukwa. Uyu wowonda, uyu wokalamba, uyu akuyang'ana moipa. Anamva kuti kumapeto kwa chilumba kuli mayi wina woweta abakha onona, ndipo anayenda mpaka kumeneko. Anasankha chimphongo cholemera ngati mwana woyamwa. Mayiwo anati amumange miyendo, iye anakana, akuti chingwe chimalimbitsa nyama. Sanayende n'komwe mapazi makumi awiri, bakha anapalapata, phuu, ulendo wa m'bango.

Mumadziwa kuti bakha m'madzi ndi kwawo. Likhucha m'madzi sikunali kwawo. Anasakana tsiku lonse m'matope ozizira ofika m'chiuno, bakha akamira apa n'kukavuukira apo, n'kumamuyang'ana. Pomugwira kunali kutada, mano akugundana, ndipo mayi aja anamumvera chisoni n'kumugoneka m'khitchini, bakha atamumanga miyendo ndi mapiko omwe.

Kutacha anatuluka panja. Kunali zii. Bango losagwedera, utsi wa m'mudzi ukukwera chilili. Udzu wonse unali mbuu ndi mame, moti atangoyenda pang'ono buluku linanyowa mpaka m'maondo.

"Mwayi wanga," anatero. "Lero moto uyaka bwino, bakhayu apsa mofatsa."

Mayi aja anasiya kusesa.

"Kodi mlendo wanuyo ndi wa bwato?"

"Eya, koma akudikira mphepo."

"Bambo inu, zaka zonsezi pa Chisi pano mumangoona matemba okha? Mame sagwa kukuwomba mphepo. Akagwa chonchi ndiye kuti mwera wagona, ndipo a bwato sadikira munthu. Amanyamuka udzu usanaume, chifukwa dzuwa likakwera mphepo idzukanso."

Likhucha analiyatsa liwiro la mtondo wadooka, bakha kukhwapa. Munthu wina aliyense akanamutaya bakhayo kuti apepukidwe. Iye ayi. Anakwera naye phiri, bakha akulira, iye akulira. Ali pamwamba anaona kadontho kakuda pakati pa madzi, kakulowera ku Kachulu. Anakuwa dzina la mnzake mpaka mawu anasasa, koma anamuyankha ndi bakha yekha.

Anatsika pang'onopang'ono, poti chothamangira panalibenso. Pakhomo anapeza a Jafali akusoka ukonde wawo.

"Apita?"

"Apita. Anakana kukwera kawiri konse, akuyang'ana njira ya kuphiri, mpaka mwini bwato anati awasiya."

"Sanasiye mawu?"

A Jafali analuma ulusi, n'kulavula.

"Asiya. Akuti zikomo, mwawalandira bwino, sanagonepo ndi njala kapena chisanu. Akuti nkhope yanu sanaione bwinobwino, maso ndi ovuta aja. Koma msana wanu akauzindikira paliponse."

Likhucha anakhala pansi, bakha ali pamiyendo. Analira ngati mwana, ndipo ine sindimuseka pamenepa, chifukwa awiriwa sanadzaonanenso. A Jafali anamusiya alire. Kenaka anatambasula dzanja n'kugwira mwendo wa buluku lake lija, limene linali litanyowa mpaka m'maondo. Linali gwa, louma. Anasisita udzu wa pambali pawo, n'kumuonetsa chikhatho chopanda ngakhale kadontho.

"Mwaona, a Likhucha? Dzuwa silinafike n'komwe paliwombo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."