Mawu a Apongozi Anga Ndinawayanika Pathandala

Mpaka lero ndikaona khwangwala mtima umandigunda. Nkhaniyi sindinauzepo ngakhale mayi anga ku Nkhudzi, ndiye inu amene mukuwerenga musandiseke kwambiri, chifukwa ine ndinatsala pang'ono kumanga katundu.

Ndinakwatiwa ku Malindi. Amuna anga ali ku Joni, ndiye pakhomo timakhala anayi: ine, mwana wanga Tiyamike (nthawi imeneyo anali ndi miyezi isanu ndi iwiri), alamu anga a Agnesi, ndi apongozi anga aamuna. Apongoziwo anachita sitiroko ine ndisanabwere pakhomopo. Mbali yakumanja inafa, kulankhula kunatha. Amangokhala pampando pakhonde, chimene amatha ndi kukweza dzanja lamanzere n'kumati "aa, aa." Mawu awo enieni sindinawamvepo. Komanso ine ndi mpongozi, sindinkawayang'ana kumaso. Ndimagwada chapatali, kuika chakudya, n'kubwerera.

Sabata imeneyo alamu anapita kumaliro ku Namwera, ine ndinatsala ndi mwana, odwala, ndi usipa umene ndinayanika pathandala kutsogolo kwa nyumba. Akhwangwala anandizunza inu! Ndikawathamangitsa ndi ndodo, mwana akulira kumsana. Ndikakhala pansi kuti ndiyamwitse, abweranso, ena mpaka kutera pafupi ndi mphasa ya mwana. Ndinkaopa kuti amujompha m'maso.

Ndiye ndinakumbuka kwathu. Mayi amamanga ulusi wa m'kaseti m'munda wa mpunga. Ukamanyezimira n'kumalira ndi mphepo, mbalame siziyandikira. Ndinafufuza mu kabati, ndipo pakati pa mabatire akutha ndi makiyi adzimbiri ndinapeza kaseti imodzi, yokulungidwa mu mpango woyera. (Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti chinthu chotha ntchito amachikulungiranji mu mpango woyera. Ine ndinangoti mpangowu ukhala wopukutira mwana dovu.) Zolembedwa pamwamba zinali zitafufutika. Ndinasolola ulusiwo, kuudula zidutswa zisanu ndi chimodzi, n'kumanga pamitengo kuzungulira thandala.

Zinatheka bwino kwabasi. Khwangwala ngakhale mmodzi sanaterenso. Ndiye ndikumanga choncho, ndinamva apongozi pakhonde, "Aa! Aa!" dzanja lili m'mwamba. Ndinati taonani nawonso akundithandiza kuingitsa mbalame. Ndinagwada chapatali, maso pansi, n'kunena kuti, "Musavutike bambo, ndathana nawo, sabweranso."

Tsiku lachiwiri anakana phala. Dzanja lili m'mwamba, kuloza kuthandala. Ndinaganiza kuti akufuna usipa, ndinawaotchera. Sanaukhudze.

Tsiku lachitatu m'mawa foni inalira, amuna anga.

"Amake Tiya, Agnesi akafika madzulo umuuze atenge kaseti ya bambo mu kabati. Ili mu mpango woyera. Ndapeza munthu ku boma woti aisamutsire mu foni."

"Kaseti yanji?" (Mawu anga anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwanapiye.)

"Sindinakuuze kodi? Bambo kale anali woimba. Anali ndi bandi ya anthu asanu, ankazungulira mahotela a kunyanja kuno, nyimbo za magitala aukali zija azungu amakonda. Tsiku lina mlendo wina anajambula akuimba pamaso pa anthu, n'kuwapatsa. Ndi imodzi yokhayo. Anzawo anayi onse anamwalira. Mawu a malemu mayi alimonso, akukuwa m'gulumo. Ndikufuna Tiya akadzakula adzamve mmene agogo ake ankalankhulira. Halo? Ukundimva?"

Ndinkamva. Ndinali nditaima pazenera, ndikuona mawu a apongozi anga akukupiza pamwamba pa usipa, ndipo mbuzi ya aneba itaimirira ndi miyendo iwiri ikutafuna chidutswa chakumapeto.

Sindikudziwa kuti foniyo ndinaidula bwanji. Ndinathamanga, kuimenya mbuziyo ndi chikho, koma inali itameza kale utali ngati zitenje ziwiri. Ndinamasula zotsalazo, osatembenukira kukhonde, n'kukabisala kuseri kwa bafa, mwana ali kumsana. Kasetiyo ndinaitsegula ndi nsonga ya mpeni. Zidutswa ndinazilumikiza ndi kyutekisi wopaka m'zikhadabo wa paukwati wanga, n'kumapukusa ndi bolopeni pang'onopang'ono. Chidutswa choyamba n'chiti, chachiwiri n'chiti, sindinkadziwa. Zina zinali zitafutukuka ndi dzuwa, zina zikununkha nsomba, chimodzi chili ndi zitosi. Ndinkangopemphera kuti Ambuye, munthu wa ku bomayo makina ake awonongeke. (Ndikudziwa, pemphero loipa. Ndinalapa.) Mpango uja ndinauchapa, kuusita, kukulunga bwinobwino, kubwezera mu kabati.

Alamu anafika dzuwa likadalipo, koma sanafike chimanjamanja. Mchimwene wawo anali atawaimbira kale, ndiye anadzera kwa mayi wina wa kutchalitchi n'kubwereka wailesi yakale ya makaseti.

"Alamu, yalani mphasa pakhonde. Tiimve kaye ndi bambo isanapite kwa anthu. Inu simunaimvepo eti? Lero mudziwa banja limene munakwatiwako."

Ndinakhala kumapeto kwenikweni kwa mphasa, mwana ndamukumbatira ngati pali wofuna kundilanda.

Anadina. Kunamveka phokoso la anthu ambiri, malikhweru, botolo likusweka. Kenako mawu a mnyamata, oyera, onyada: "Mangochi, mulipo kodi?" Anthu n'kukuwa. Ndinaphwanya mwambo, ndinawayang'ana apongozi kumaso. Maso awo anali atatseka, zala zakumanzere zikuyenda pabondo ngati zikugwira nsambo.

Gitala analira, ng'oma zinalowa, iwo anayamba kuimba. Ndinati mwina Mulungu wandimvera chisoni.

Kenako panafika polumikiza poyamba. Nyimbo inadumphira pakati pa ina. Alamu anakwinya nkhope. Kenako mawu anayamba kukokeka, kutsika, kukwera, mpaka apongozi anga akumveka ndendende ngati mbuzi ija. Kenako zobwerera cham'mbuyo, ngati munthu akuimba ali pansi pa madzi. Kenako zii.

Ndipo mwakachetechetemo munatuluka mawu a mtsikana, okwera, osangalala: "Bwerezaninso imeneyo, achimwene a gitala! Yakoma!"

"Amayi," anatero alamu, chapansipansi.

Kenako ndinamva phokoso lachilendo kumpando kuja. Ndinaganiza kuti apongozi atsamwa. Ayi, ankaseka. Mapewa akugwedezeka, pakamwa papotokera mbali imodzi, misozi ikutsika mpaka pakolala. Kuseka ndi kulira zinali pamodzi, sindikanatha kuzilekanitsa.

Alamu anazimitsa wailesi. Anatulutsa kasetiyo, kuinunkhiza, n'kuyang'ana zikhadabo zanga.

"Kaseti imeneyi ikununkha usipa. Ndipo kyutekisi wofiira pakhomo pano ali naye ndani?"

Ndinagwada. Ndinanena zonse, akhwangwala, mitengo, mbuzi, bolopeni, ndikulira, mwananso akulira. Alamu anafunsa chinthu chimodzi chokha: "Nyimbo yachitatu ili kuti? Ija anaimbira amayi?"

"Inadyedwa, alamu."

Anaimirira. "Ndiwaimbire achimwene pompano, akuuzeni okha kopita."

"Aa!"

Tonse tinatembenuka. Dzanja lamanzere linali m'mwamba, koma ulendo uno silinkaloza kuthandala. Linaloza alamu kuti akhale pansi. Kenako linaloza Tiyamike. Ndinayenda chogwada, kwa nthawi yoyamba kufika pafupi chotero, n'kumuika mwanayo pamiyendo pawo. Anagwira kaphazi kake n'kuyamba kukagogoda ndi chala, pang'onopang'ono, kenako mofulumira, akung'ung'udza pakhosi popanda mawu. Alamu anabisa nkhope m'chitenje. Inali nyimbo yachitatu ija.

Kasetiyo inapita ku boma momwemo. Ili mu foni tsopano, mbuzi ndi zonse. Amuna anga anakhala sabata ziwiri osandiimbira. Alamu mpaka lero kabati amakhoma, kiyi amayenda naye m'chiuno. Nyimbo yachitatu palibe amene adzaimvenso ndi mawu ake, ndipo mlandu umenewo ndi wanga.

Koma chimene chimandipweteka si mbuzi. Ndi masiku atatu aja. Munthu wamkulu anakhala pakhonde akuona unyamata wake ukupsa ndi dzuwa, akundiitana mwa njira yokhayo imene anatsala nayo, ine n'kumamuotchera usipa. Masiku ano akangokweza dzanja ndimasiya chilichonse, ndimapita pafupi, ndimawayang'ana kumaso mpaka ndimve. Anthu ena amati mpongozi wa pakhomo paja alibe ulemu. Anene.

Akhwangwala nawo anabwerera mawa lake lomwe. Ndayesa mapepala apulasitiki, ndayesa zitini, palibe chimene amaopa ngati mmene ankaopera bandi ya apongozi anga.