Njinga yosenda mtedza

Lolemba, 15 Novembala
Ku semina ya aphunzitsi ku boma ndatolako mawu atsopano: bulenisitomu. Wotiphunzitsa akuti ndi namondwe wa mu ubongo, ganizo longokugwera mwadzidzidzi. Langa landigwera pa mlatho ndikupalasa kubwerera ku Mkanda. Mkazi wanga, amake Chisomo, zala zatupa ndi kusenda mtedza wa chalimbana wa mbewu, thumba limodzi lokhalo lomwe apongozi anatipatsa. Njinga isende!

Lachiwiri
Zofunika: njinga yogadamika, chitini cha penti, misomali, lamba. Amake Chisomo akuti, "Mbewu timasenda ndi manja, abambo." Ndikuwakumbutsa kuti pano ndi matipate, aliyense ali ndi ufulu woganiza.

Lachitatu
Apita kusikelo ndi mwana. Ndiyese kaye kadzanja kamodzi? Ayi, namondwe sadikira. Makoko akuuluka, aneba akuomba m'manja, thumba lonse latha dzuwa lisanapendeke!

Lachinayi
Kupeta. Njere zagawika pakati, zina zanyenyeka. Mtedza wosweka sumera, ndikudziwa lero. Ine wokulira m'tauni ndimayesa kusenda ndi kusenda basi. Amake Chisomo akungosankha yathunthu. Kapu sinadzaze.

Lachisanu
Ndikuwadandaulira ahedi. Akuseka mpaka kutsokomola: "Mawu akuti bulenisitomu amenewo kale Azungu ankatchulira misala ya kanthawi." Mbali imeneyi wa ku semina uja anaidumpha. Tcheni nacho chinaduka Lachitatu, kusukulu ndikupita wapansi.

Loweruka
Mvula yodzalira yagwa usiku, mudzi wonse uli kumunda. Mizere yathu, imene mkazi wanga anaunda ndi mwana kumsana, ili mbee. Ndikuzungulira kupempha mbewu. Oomba m'manja aja onse yawo yatha, chatsala ndi funso: "Makina aja akuyenda, aphunzitsi?"

Lamulungu
Apongozi afika kuchokera ku Mavwere kudzaona munda. Ine ngati mkamwini ndakhala kuseri kwa nyumba, koma ndikumva zonse.
"Nkhwani wotendera bwino chonchi, nsinjiro mwaipeza kuti?"
"Ndi mbewu yanu ija, amayi."
Bola akanandikalipira, mtima ukundipweteka.
Nsinjiro tili nayo mpaka Pasaka, koma kumunda tadzala mizere iwiri. Ganizo lina landigwera kutchalitchi, la mmene tingagwirizanitsire njere zoswekazo. Ndangokhala phee mpaka ladutsa.