Mamota a ku Limbe ndi chitseko cha anganga

Aneba athu ku Namadzi amaikamba nkhaniyi mowonjezera, ena mpaka amati kunabuka moto. Moto sunabuke. Zinazo n'zoona.

Ndinakulira m'manja mwa anganga, makolo anga atamwalira ndili wamng'ono. Sindinali mwana wolankhula, ndinali wopenya. Popenyapenya choncho ndinapanga makina ogoba zilembo pamatabwa. Ndinalumikiza mapaipi, kompyuta yotayidwa ndi mamota a m'mapulinta akufa, aja amati masitepa, oyenda phazi limodzilimodzi ngati bilimankhwe. Chikwangwani cha golosale chinkandidyera tsiku lathunthu.

Amalume, monga mwini mbumba, anali atagamula kale kuti mwezi ukatha ndikathyole tiyi ku Thyolo. "Mwamuna wandevu kumaseweretsa mawaya? Anthu akutiseka, mayi," ankatero kwa anganga ine ndili pomwepo.

Ndinakwera minibasi ya ku Limbe n'kukagula mamota ena, masevo, kwa wogulitsa zitsulo zakale. Sevo ndi yaliwiro, ndipo ili ndi kadiso kumbuyo koiuza pamene yafika, moti ikaphonya imadzikonza yokha. (Chomwe sindinkadziwa n'chakuti ukasemphanitsa mawaya a kadisoko, imathamangira komwe yaphonyerako, ikuganiza kuti ikukonza.)

Loweruka ndinaitana amalume kuti adzaone okha. Thabwa labwino ndinalibe, ndiye ndinazula chitseko cha anganga, chambawa, chomwe anawasiyira malemu amuna awo. Ndinati ndigobepo dzina lawo, akabwera alulutire. Iwo n'kuti ali kumsika kogulitsa nandolo. (Inde, sindinapemphe.)

Wanzeru akanayesa kaye makinawo mpeni wake wogobera uli m'mwamba. Ine ndinkafuna amalume aone utuchi ukuuluka. Ndinadina batani.

Makina anang'ung'udza, n'kunjenjemera, kenako anathamanga ngati galu wothiridwa madzi otentha. Mpeni unalowa m'chitseko, unazungulira, unatulukira kuseri. Phwaa! Chidutswa cha mbawa chinauluka n'kugwetsa chipewa cha amalume. Pamene ndinkazula pulagi, pakati pa chitseko panali bowo lolowa mutu wa mbuzi.

Amalume anaseka mpaka kukhala pansi. "Eee, a injiniya! Longedzani, a injiniya, tiyi akukudikirani!"

Anganga anatulukira dengu lili pamutu. Anayang'ana khomo lopanda chitseko, anayang'ana bowo, kenako ine.

"Iwe, anakuuza ndani kuti ndikufuna windo?"

"Limayenera kukhala dzina lanu, anganga."

"Dzina langa ndi dzenje?"

"Mwaonatu, mayi," anatero amalume akusasa chipewa. "Lolemba anyamuke."

"Anyamuke? Chitseko changa chili chonchi? Ukonza ndiwe?" Anganga anatula dengu. "Ameneyu sachoka pakhomo pano mpaka atandibwezera chitseko changa monga chinalili."

M'mawa mwake ndinasinthanitsa mawaya awiri aja, basi, makina n'kuyamba kulemba mwaulemu ngati mwana wa kwaya. Lero zikwangwani zanga zafika mpaka ku Boma. Chitseko ndinachibwezera pakhomo, pabowo ndinakhomapo lata.

Ena amati ndinaphunzira kuyesa kaye ndisanaitane anthu. Kaya. Amalume akabwera amagogoda palata paja n'kufunsa, "Nanga chitsekochi chitha liti?" Ndimayankha mwaulemu kuti mbawa yofanana nayo sinapezekebe.

"Yasowadi masiku ano," amavomereza anganga, osatukula maso.

Ine kuifunafuna sindinayambe n'komwe.