Nkhondo ya Dothi Lothawa

Tcherani khutu, inu mapiri a ku Shikoku, nanunso nkhungu zogona m'zigwa, pakuti ndikusimba za masiku aja pamene achinyamata onse anali atatsikira kumzinda wa Osaka, sukulu ya m'mudzi italandidwa ndi apusi, ndipo phiri linatsala m'manja mwa nkhalamba zolima minda yotsetsereka mwakuti ukagwetsa dzungu umakalitola kumtsinje!

M'masiku amenewo kunali ngwazi, a Shigeharu Ogura, Nguluwe ya Kumtunda, Mwini Mawondo Olira, Iwo Amene Sanapepesepo Chibadwire. Bambo awo pomwalira anagawa phiri pawiri: munda wakumtunda kwa a Shigeharu, wakumunsi kwa mng'ono wawo. Mng'onoyo atatsikira kuli chete, mundawo unatsala ndi mkazi wake, mai Fusae, Mfumukazi ya Kumunsi, Mwini Chikwakwa Chosagona, amene lilime lawo linkathwa kuposa chikwakwacho.

Mwambo wa phirilo ankaudziwa ndi apusi omwe: umadula tsekera n'kumuunjika milu yosongoka, ukadzala umamuyala m'munda kuti dothi ligwire ndi kunona, ndipo lomwe laseseleka umalikokeranso kumtunda ndi khasu la mano. Koma a Shigeharu, atagula feteleza kutauni, analengeza kuti udzu ndi wa ng'ombe ndi akazi amasiye, n'kusomeka chikwakwa chawo kudenga. Zoona zake msana unkawapweteka, koma ngwazi sitchula za msana.

Ndiye kunabwera chimvula, kutangotha kuzizira, mai Fusae atangodzala mbatata yawo ya kachewere. Kutacha, a Shigeharu anapeza munda wawo uli mbee, miyala yokhayokha, pomwe dothi lonse linali litakagona kumunsi, pa udzu wa alamu awo. Anachita mantha, pakuti mwana wawo Michiyo anali atanenetsa kuti chaka chimene sadzakolola, adzabwera ndi galimoto kudzawatenga, akakhale ku Osaka m'kachipinda kam'mwamba kupenya khoma mpaka imfa.

Motero Nguluwe inabereka dengu, inasenza khasu la mano, n'kutsika kunkhondo, mawondo akuimba nyimbo yake.

"Alamu!" anafuula, ataimirira pamalire. "Ndadzera dothi la bambo anga, limene mayi anga analinonetsa ndi thukuta lawo!"

"Dothi liti?" anatero mai Fusae osadzutsa n'komwe mutu. "Ine ndaona mlendo wobwera yekha, wowonda, wanjala. Ndamufunditsa."

"Landithawa limenelo!"

"Eya, lathawa. Nanga likanatani? Mumaligoneka maliseche, chakudya chake mchere wa m'matumba. Ndikanakhala ine ndikanathawa kalekale."

"Pakamwa apo, alamu! Mng'ono wanga anafa msanga n'chifukwa chake."

"Anafa ndi manyazi, kuona mkulu wake akulima miyala. Tengani, bambo, tengani! Koma lanu lokha. Liitaneni dzina, mwina livomera."

Dothi silinavomere. Choncho ngwazi inalowa m'munda wa adani, n'kuyamba kukumba m'mphepete mwakumtunda, pamene dothi linali lakuda bii. Apa mbiri ikunena chinthu choopsa: mai Fusae anayang'ana pamene khasu linkatera, anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Chiyambire dziko Mfumukaziyo inali isanakhalepo chete, ndipo munthu wanzeru akanathawa pomwepo.

Ha, ulendo wa madengu uja! Ndani angausimbe wonse? Ngwazi inakwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, msana ukulira, thukuta lili kamukamu, nkhalamba za tsidya lina zikuonerera ndi magalasi awo oonera apusi, mai Fusae akumwa tiyi pakhonde n'kumakuwa kuti, "Mwataya kena apo, alamu, kabwerera kwathu!" Pomaliza miyala inakwiririka, a Shigeharu anaimirira pamwamba pa ufumu wawo n'kulengeza kuti apambana.

Patapita masabata, m'munda momwe sanadzalemo kanthu munatuluka masamba obiriwira. Maso a ngwazi, amene ankakana magalasi monga ankakanira udzu, sanaone kuti m'madengu muja ankanyamulanso mbewu ya kachewere.

Tsiku lomwelo mulu wa tsekera unaoneka ukukwera phiri ndi miyendo iwiri.

"Imani pomwepo!" anabangula a Shigeharu. "Udzu sulowa m'dziko langa!"

"Sindinadzere inu," unayankha muluwo ndi mawu a mai Fusae. "Ndadzera ana anga amene munawaba. Kachewere wanga sagona maliseche. Patukani, kapena ndikufunditsani inu nomwe."

Nguluwe inapatuka. Dziko lakumtunda linagwa osaponya ndi mwala womwe, linayalidwa udzu kuchokera kumalire kufikira kumalire, ndipo mvula yaikulu itabweranso dothi linangokhala phee, osasuntha. A Shigeharu anaona zimenezi ndi maso awo osaonawo, ndipo zinawawawa koposa msana.

Nthawi yokumba itakwana, magulu awiriwa anakumana pakati pa munda, dengu uku dengu uko, wina akuti dothi ndi langa, wina akuti mbewu ndi yanga. Mkangano uli pakati, kunamveka kulira kwa galimoto. Anali Michiyo, ndipo kumbuyo kwa galimotoyo kunali makatoni opanda kanthu olongedzera katundu wa bambo ake.

Michiyo anayang'ana mulu wa kachewere amene anali atakumbidwa. "Bambo, zonsezi mwalima ndinu?"

Moyo wonse wa a Shigeharu, munda, khonde, manda a makolo, zonse zinalendewera pa lilime lomwe analinyoza zaka zonsezi, ndipo kwa nthawi yoyamba anayang'ana alamu awo ndi maso opempha.

"Ndi wawo, mwanawe," anatero mai Fusae mokoma. "Bambo akowa ndi katswiri wa udzu, ife timangoonera kwa iwo. Moti chaka chino alonjeza kudula tsekera wa minda yonse iwiri, okha. Si choncho, alamu?"

"Ndi... ndi choncho," inatero Nguluwe ndi mawu a mwanapiye.

Mtendere unakondwereredwa mwaulemerero. Kachewere anabayidwa patimitengo, kupakidwa miso, phala lamchere la soya, n'kuotchedwa pamakala a makatoni a ku Osaka aja ndi nkhuni. Nkhalamba za tsidya lina zinafika ndi mowa wa mpunga, zinathirako pang'ono pamalire kuti dothi nalo limwe, ndipo wina anaimba nyimbo ya sukulu yolandidwa ndi apusi ija mpaka kulira. Kenako mai Fusae anakwera pampando, anasolola kudenga kwa a Shigeharu chikwakwa chadzimbiri chija, n'kuchipereka ndi manja awiri, atawerama monga achitira kwa mfumu.

"Munole lero, alamu," ananong'ona. "Tsekera wanga ali kuseri kwa phiri."