Mlungu Umene Ndinapempherera Magetsi Kuti Azime

Lolemba

Mzimba kwazizira, koma mtima wanga uli m'malo. Loweruka likubwerali ndikupita ku Edingeni kukaonetsa pulogalamu ya pa kompyuta ku kalabu ya alimi a ng'ombe. Wapampando wa kalabuyo ndi a Shaba. A Shaba ndi bambo ake a Tiwonge. Tiwonge ndi namwino amene ndikufuna kumukwatira, ndipo iyenso akufuna, poti ndinamufunsa.

Chovuta n'chakuti kuno mwamuna amalowola ndi ng'ombe. Ine mwana wa ku Dedza, mphunzitsi wa makompyuta, ziweto zimene ndili nazo ndi mphemvu za m'nyumba ya lendi ino. Thenga, munthu wokandilankhulira kwa makolo, sindinamutumebe. Ndati a Shaba ayambe aona kuti m'mutu mwanga muli kanthu, za khola tikambe pambuyo.

Pulogalamuyo ndi yosavuta. Tsiku la dibi mlimi aliyense amatumiza uthenga pa foni, dzina lake ndi mayina a ng'ombe zimene zasamba, kompyuta n'kumalemba yokha. Sindinailembe ine ayi. Anailemba anthu amtima wabwino akunja n'kuisiya pa intaneti kwaulere. Ntchito yanga ndi kuimanga, ndiko kuti kulumikiza zidutswa zake kuti iyende pa laputopu yanga. Kungoti iwo anailembera makompyuta a mtundu wina, ndiye ndaika kapulogalamu kena pakati koinamiza kuti ili kwawo. Kameneka ndakatcha mkhalapakati.

Zochita mlungu uno:
- kumanga pulogalamu
- kumeta
- kupolisha nsapato
- kuphunzira kunena "yewo chomene" mosamveka Chidedza

Madzulo ndaimanga. Yamangika! Ndamwera tiyi wa mkaka. Mawa ndi matesiti, ongokwaniritsa mwambo.

Lachiwiri

Pulogalamuyi imabwera ndi matesiti ake odziyesera yokha. Ndawayendetsa ndikudya chinangwa. Mizere yobiriwira yokhayokha ikutsika, ine mutu gwede gwede. Kenako mzere umodzi wofiira.

Ndi tesiti ya mathiredi. Mauthenga akafika ambiri nthawi imodzi, pulogalamu imawagawira tiantchito take ting'onoting'ono totchedwa mathiredi, kalikonse uthenga wake. Tonse timalemba malo amodzi, choncho pali loko. Kena kakalowa katseke, kalembe, katuluke, kanzake n'kulowa, monga mmene ng'ombe zimalowera mu dibi imodziimodzi. Tesiti ikuti nthawi zina tiwiri tikulowera limodzi.

Ndayendetsanso. Yakhoza! Ndayendetsanso kuti nditsimikize. Yalakwa. Ndani anandituma kutsimikiza?

Chinthu cholakwa nthawi zonse ndimachilemekeza, chimakhala ndi khalidwe. Koma ichi chokhoza pamene chafuna chikundikumbutsa ana anga a Fomu 2.

Masana magetsi azima, ine ndatseka laputopu kuti ndisunge batire. Tiwonge wayimba ali pa buleki. "Ukumveka wotopa chomene. Chikukusowa n'chiyani?" Ndamuyankha kuti zonse zili bwino, chondisowa ndi magetsi basi. Za mzere wofiira sindinatchule. Munthu sauza chibwenzi chake kuti akugonja ndi mzere umodzi.

Lachitatu

Amene ndikuwakayikira:
- mkhalapakati
- pulogalamu yoteteza ku mavairasi
- fumbi
- ineyo, koma pang'ono

Yoteteza ku mavairasi ndaizimitsa. Tesiti yalakwa. Ndafufuta zonse n'kumanganso kuyambira pansi. Yakhoza, yakhoza, yalakwa. Ndapukuta laputopu ndi kansalu. Ayi ndithu, fumbi ndalinamizira.

Safunsa anadya phula. Ndalemba funso pa intaneti, pa bwalo la anthu ogwiritsa ntchito pulogalamuyi, m'Chingerezi changa cha pa Sande. Mayankho abwera. Wina akuti, "Pa kompyuta yanga ikuyenda bwinobwino." Zikomo kwambiri achimwene, moni kwa onse kunyumba. Wina akufunsa kuti bwanji osangogula kompyuta ya mtundu woyenera. Ameneyo sanaonepo malipiro a mphunzitsi.

Ndatumizanso uthenga kwa Mphatso, mnzanga wa ku koleji amene amalemba mapulogalamu ku Blantyre. Uthenga wawerengedwa. Yankho zii.

Amama NyaTembo, eni nyumba ino, amene amanditchula kuti asambizgi, ndiko kuti aphunzitsi, andipeza ndikulankhula ndi laputopu pakhonde. "Asambizgi, kasi muli makora? Munthu akayamba kukalipira katundu, mbwenu akwatire." Ndicho chimene ndikuyesetsa, amama!

Komabe tsiku silinaipe. Nsapato ndapolisha, zikuwala ngati za wapolisi watsopano.

Lachinayi

Lero ndi tsiku lalikulu!

Ndili pakati poyendetsa matesiti, magetsi phethi. Nthawi ino sindinatseke laputopu, ulesi. Tesiti ya mathiredi yakhoza. Ndabwereza, yakhoza. Ndabwereza mpaka chala kuwawa, mizere yobiriwira yokhayokha. Magetsi abwera, ndayendetsa, yalakwa pomwepo. Ndazula chingwe, yakhoza. Ndalumikiza, yalakwa.

Ndachigwira! Laputopu ikakhala pa batire imadzichepetsa mphamvu kuti isathe msanga. Mathiredi amayenda mwaulemu, kena kamamaliza kanzake kasanafike n'komwe pakhomo. Ikangolawa magetsi, tonse timathamangira pakhomo limodzi, ndipo loko uja sagwira kanthu. Chifukwa chimene loko sakugwirira sindikuchidziwa. Koma mankhwala ndawapeza: osapatsa laputopu magetsi.

Madzulo azimanso, ine osadzigwira, "Eyaaa!" Amama NyaTembo ali panja, atatsegula filiji yawo yodzaza nkhuku zogulitsa, dzanja lili patsaya. Andiyang'ana nthawi yaitali. "Ife tikulira, imwe mukusekerera. Anthu a ku Dedza muli ndi mtima wa mtundu wanji?" Ndagula miyendo ya nkhuku kuti mtendere ubwerere pamudzi.

Boma lonse la Mzimba, munthu wopempherera kuti magetsi azime ndilipo ndekha. Ndagona msanga, mtima uli mbee.

Lachisanu

Dongosolo la mawa:
- batire idzaze mpaka pakamwa
- chingwe chikhale pansi penipeni pa chikwama
- kulankhula pang'ono, kuwerama kwambiri

Kamtima kena kakundiuza kuti uku si kukonza, ndi kubisa chilonda ndi malaya. Ndakauza kuti kadikire Lolemba. Ndiponso ku dibi ya ku Edingeni kulibe ngakhale pholo ya magetsi. Malo abwino kuposa amenewo pulogalamuyi singawapeze pa dziko lino.

Mphatso akadali zii.

Ndapita kokameta pafupi ndi depoti. Makina angodutsa mbali imodzi ya mutu, magetsi phethi. Pemphero langa layankhidwa pa nthawi yolakwika. Wometa akuti, "Ndapota bwana, khalani dankha, abwera sono sono." Ndakhala, ndakhala, mpaka wamalizitsa ndi sizasi. Mbali ya kumanzere ndi ya mphunzitsi, ya kumanja ndi ya munthu amene wangotuluka m'chipatala. Mawa ndikhala mopendeka, a Shaba aziona kumanzere.

Tiwonge watumiza uthenga: "Adada akukonzera chinthu chabwino. Sindikuuza." Ndikuganiza kuti ndi nkhuku. Anthu abwino!

Loweruka

Ndalemba izi nditabwerako, nditasamba.

Ulendo wabwino. Pikapu yodzaza, ine pamwamba pa thumba la chimanga, laputopu pachifuwa ngati khanda. Ndafika ku dibi alimi atakhala kale pansi pa mtengo, amuna pa mabenchi, amayi pa mphasa. Ndapereka moni mogwada. "Yewo chomene" watuluka bwino, mayi wina mpaka wandiwombera m'manja. Ng'ombe zili cha apo, ndipo pakati pake pali Bantomu, nkhunzi yofiira ya a Shaba, imene anthu kuno amaitchula ngati akutchula munthu waudindo.

Ndatsegula laputopu pa tebulo. Batire yodzaza. Kumwamba kulibe waya ndi umodzi womwe. Mtima wanga ukuimba.

Kenako ndikumva ngolo ikubwera. Pa ngolopo pali jenereta.

A Shaba aimirira, akonza jekete. "Mwana wane wandiuza kuti asambizgi avutika na magesi sabata yonse. Ife mlendo sitimuchititsa soni. Tabwereka jenereta ya ku tchalitchi." Anthu m'manja phwaphwaphwa. Tiwonge ali kumbuyo kwa amayi ake, akumwetulira monyadira. Chinthu chabwino chija ndi chimenechi.

Ndayesa. Ndati, maso ali pansi, "Adada, batire ndi yodzaza." Iwo, "Yadzaza? Mbwenu iwonjezere. Jenereta yayenda mtunda." Atambasula dzanja kufuna chingwe. Kodi munthu amene ukufuna mwana wake, pamaso pa kalabu yake yonse, ungamuuze kuti mphatso yake ndiyo ikuphe? Ndapisa pansi pa chikwama, ndapereka chingwe ndi manja awiri. Alumikiza okha.

Ndinali ndi chiyembekezo chimodzi: soketi ya jeneretayo ndi yokhwepa, mwina ndikhoza kukoka chingwe ndi phazi mwakachetechete. A Shaba aona kukhwepako ine ndisanasunthe. Asankha mkulu wa mpingo kuti akhale pa mpando agwirizire pulagi mpaka msonkhano uthe. Munthu wokhulupirika ngati ameneyo sindinamuonepo.

Ndafotokoza mmene pulogalamu imagwirira ntchito, kenako ndapempha kuti titumize mauthenga mmodzimmodzi, modekha. A Shaba akana. "Yayi. Tsiku la dibi anthu sadikirana. Tose pamoza! Na imwe wuwo asambizgi tumizani, tione." Ndalemba dzina langa pa foni. Pa ng'ombe ndalemba zoona: palibe. A Shaba akweza dzanja, atsitsa, mafoni onse atumiza nthawi imodzi.

Kalabu iyi ili ndi mwambo wake. Chilichonse cholembedwa mlembi amachiwerenga mokweza, anthu n'kuvomera kuti "yewo". Mlembi wavala magalasi, wawerama pa laputopu. Mayina oyamba ali bwino. Yewo. Yewo. Ndayamba kupuma.

Kenako wawerenga dzina langa. Pambuyo pake: "Bantomu." Ndi ng'ombe zina zonse za m'khola la a Shaba, imodziimodzi, mpaka kamwana kobadwa mwezi watha. Palibe wanena yewo.

Mlembi, poti ndi munthu womaliza ntchito yake, wapitiriza. "A Shaba. Ng'ombe: palibe."

Tiantchito tiwiri talowera limodzi pakhomo. Kena kanyamula dzina langa, kena ng'ombe za a Shaba, tasinthana katundu m'katimo. Pa anthu onse amene anali pansi pa mtengo uja, tasankha ife awiri.

A Shaba ayang'ana laputopu, ayang'ana Bantomu, ayang'ana ine, mbali ya kumanja ya mutu. Kenako akuti, "Asambizgi, kwithu kuno ng'ombe zimachoka kwa mnyamata kupita kwa adada a mwanakazi. Kwanu ku Dedza zimayenda chobwerera?"

Chiseko chake! Amayi agwa pa mphasa. Mlembi wavula magalasi kupukuta misozi. Mkulu wa mpingo akuseka thupi lonse kugwedezeka, koma pulagi sanaisiye. Ine manyazi andigwira, ndikungoti "pepani, pepani" kwa aliyense, ngakhale kwa ng'ombe.

Nkhuku inaliko ndithu. Ndadya, koma sindikukumbuka kukoma kwake.

Lamulungu

Ku tchalitchi ndakhala kumbuyo. Nkhani yafika kale m'tauni. Pa chipata munthu wina amene sindimudziwa wandipatsa moni kuti, "Monire, eni ake a Bantomu."

Masana Mphatso wayankha. Akuti pepa aise, anali ku ukwati. Akuti vutoli n'lodziwika: loko amene pulogalamuyi imagwiritsa ntchito kwawo sagwira ikakhala mwa mkhalapakati, pomanga umayenera kuiuza kuti itenge loko wa mtundu wina. Mzere umodzi. Wawonjezera kuti dzulo ndikanatha kungoiuza laputopu kuti ikhale pa mphamvu yochepa ngakhale ili pa magetsi. Zikomo Mphatso. Mvula yagwa titakolola kale.

Ndalemba mzerewo, ndamanganso. Magetsi alipo, chingwe chili m'malo mwake. Matesiti onse obiriwira. Ndabwereza, ndabwereza, sakusintha. Woonerera palibe, kupatula nkhuku ya amama NyaTembo imene yasuzumira pakhomo n'kubwerera.

Tiwonge wayimba, mawu atasasa ndi kuseka. Akuti bambo ake afotokoza nkhaniyi kwa aliyense wodutsa pamsewu, ndipo nthawi iliyonse ng'ombe zimene ndinaba zikuchuluka. Akuti kalabu ikufuna ndikabwerenso mwezi wamawa, chifukwa msonkhano wokoma chonchi sanauonepo. Ndipo akuti thenga wanga akhoza kubwera.

Ndakhala pansi. Ndasangalala zenizeni, mpaka kamsozi.

"Koma pali uthenga wina," akutero Tiwonge. "Adada akuti iwo amaganiza zokuchitira chifundo, poti ndiwe wa kutali, sudziwa ng'ombe. Sono aona kuti pa ng'ombe zonse unayambira kusankha Bantomu. Akuti diso uli nalo. Zimene ubweretse zikhale za msinkhu umenewo."

Chabwino. Ndawiritsa tiyi. Ndatsegula pulogalamu, ndatumiza uthenga wanga uja kuti ndione komaliza ngati yachiradi. Yalemba dzina langa bwinobwino, m'malo mwake, popanda kusokoneza ndi la munthu wina.

Ng'ombe: palibe.

Ikugwira ntchito.