Batani la Achimwene Likukana Kufika ku Ntcheu

Lolemba

Kalata ya amayi yafikanso. Mawu omwe aja: "Mkulu wako Yotamu wakhala ku Bulawayo zaka khumi ndi chimodzi. Iwe wophunzira, ubwere naye mvula isanagwe." Kuwalalikira ndayesa, achimwene amangosinza. Lero ndapeza nzeru, ndipo ndikhulupirira kuti yachokera Kumwamba: masewera.

Dzina: Njira ya Kwathu. Zofunika:
- chivundikiro cha katoni (chinali chotayidwa kuseri kwa shedi ya njanji, sindinabe, Ambuye aona)
- mabatani anayi
- zipinda makumi anayi zojambula ndi pensulo, kuchokera ku Lokesheni, komwe timakhala kuno ku Bulawayo, kudzera Salisbury ndi Tete, mpaka pakhomo pa amayi ku Ntcheu

Woyamba kufika kumudzi wapambana. Maso akaona njira, mtima utsatira.

Lachiwiri

Madayisi ayi! Ndi juga. Ndadetsa ndi makala njere zinayi za dzungu, mbali imodzi. Uponye, uwerenge zoyera, uyende.

Che Saidi, telala woyandikana nafe, asuzumira: "Akalaliki, mwayamba liti kuombeza ula?" Ula! Ine, mwana wa mishoni! Ndawafotokozera kusiyana kwake ola lathunthu. Iwo akungosoka, akumwetulira. Ndivomere pano: kusiyanako inenso sindinakumvetse bwino.

Lachitatu

Kuyesa koyamba, titaweruka, pakhonde pa achimwene. Osewera: ine, achimwene, akazi awo alamu a MaNcube, ndi Che Saidi.

M'tauni ndatchera misampha kuti aone kuipa kwake. Holo ya mowa: khala maulendo awiri osayenda. Dansi ya galamafoni: atatu. Achimwene agwera pa dansi. M'malo modandaula, aimirira, avina! Ulendo wawo utafika, akupempha kugweranso pomwepo. Msampha ukuwakomera! Zaka zonse zija kusukulu, palibe mphunzitsi anandichenjezako za zimenezi.

Lachinayi

Batani la Che Saidi lafika pakhomo pa amayi. Ndikuomba m'manja. Achimwene akana: "Afika ndi chiyani? Chimanjamanja? Iwe, unaonapo mtchona akulowa m'mudzi wopanda sutikesi? Ndi agalu omwe amuseka."

Che Saidi, wopambanayo, avomereza! Abweza okha batani ku Bulawayo.

Achimwene andilanda pensulo. Lamulo latsopano, sulowa m'mudzi wopanda:
- bulangete la amayi
- jekete la amalume
- njinga
- sopo wa azakhali onse, ngakhale amene simuyankhulana

Ndipo zonsezi zimapezeka m'zipinda za m'tauni basi! Alamu awonjezera lawo: Zambezi suwoloka wopanda mkazi ndi ana. Ine amanditchula sibali, ndiye kuti mlamu m'Chindebele chawo: "Hayi bo, sibali, ife mutisiya pa siteshoni ngati mtolo wa nkhuni?"

Masewera anga! Katoni yanga!

Lachisanu

Ndachimwa. Achimwene atatembenuka kuyatsa fodya, ndakankha batani lawo zipinda zisanu, mpaka Tete. Alamu aona. Alibweza ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, akundiyang'ana m'maso. Kukanakhala bwino akanandimenya.

Ndapemphera. Koma mkwiyo ukadalipo. Kubera kuti munthu akaone amayi ake ndi tchimo lofanana ndi kubera wamba? Ndifunse abusa. Ayi, ndisafunse.

Loweruka

Khonde ladzaza, mpaka a m'komboni ya njanji abwera. Aliyense akufuna chipinda chake: mpira, wapolisi wofunsa chitupa, ukwati wa mnzako, maliro a mnzako. Tauni yatupa, yameza Salisbury.

Ine ndasonkhanitsa katundu yense mwachilungamo (za mkazi andikhululukira poti ndine wosakwatira). Ndawoloka. Ndafika. Ndapambana! Ndiye kenako? Wopambana amatuluka m'masewera. Lamulo langa lomwe. Ndakhala pa chitini, ndekha, kumudzi, anthu akufa ndi phwete ku Bulawayo.

Achimwene akuwa osatembenuka n'komwe: "Upereke moni kwa amayi!"

Alamu: "Nanga inuyo sibali, kwanuko mudapita liti?" Funso lopanda ulemu, pamaso pa anthu! Inde, papita zaka zisanu ndi chimodzi. Koma zanga n'zosiyana. Ine ndili ndi chifukwa chomveka: njinga sindinagule.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi ndapita kukatenga katoni yanga. Ndawapeza akusewera. Pa Sabata! Mbali ya kumudzi kulibe, alamu ayatsira mbaula m'mawa. Tete yapsa, Zambezi yapsa, khomo la amayi lapsa. Asewera chiyambire masana, palibe wazindikira. Che Saidi akuti tsopano masewera akoma, ndingowapatsa dzina lina.

Sindinakalipe. Mphamvu zatha.

Ndayankha amayi: "Tonse awiri tili bwino. Mvula ya chaka chino ayi, koma tikukonzekera." Ndawerenga kawiri kusaka bodza, silikupezeka. Ambuye andichitire chifundo.

Kalatayo ndimati ndipatsire munthu wopita kwathu. Ndazungulira Lokesheni yonse, khomo ndi khomo. Aliyense akukonzekera.

Ndiitumiza pa positi.