Ulemu Wakwathu pa Chikondwerero cha Osamva

Ine ulemu ndinayamwira, ana inu, ulemu ndinakulira. Mawondo angawa agwadira apongozi, agwadira abusa, agwadira ngakhale kalaliki wa kuchipatala, ndipo palibe anadandaulapo. Koma Loweruka lina ku Blanchardstown, dera lina la Dublin, ulemu womwewu unatsala pang'ono kugwetsa ukwati wa mdzukulu wanga mizati isanazikidwe n'komwe.

Mdzukulu wangayo ndi Tadala, mwana wa mwana wanga Esnart. Tadala anabadwa wosamva. Anabwera kuno ku Dublin ali kumsana, wakulira kuno, waphunzira kuno, ndipo amayankhula ndi manja, manja opepuka, manja othamanga ngati mpheta zodzidzimuka pa mpunga. Ine ndinafika kwa amake ku Santry chaka chomwechino. Ine ndi Tadala timamvana pomwetulirana ndi polozerana mchere, zotsalazo amatanthauzira ndi amake.

Ndiye mtsikanayu wapeza mnyamata, dzina lake Declan, wokonza njinga, wamtali ngati nsungwi, nayenso wosamva. Amayi ake a mnyamatayo, a Bridie, osamvanso. Tsiku limenelo anthu osamva anali ndi chikondwerero chawo muholo, choitana aliyense kuti adzaone chinenero chawo ndi masewero awo, ndipo kumeneko n'kumene ine ndimayenera kukaonana ndi asewere angawo.

Tili mubasi, Esnart anandiuza kuti a Bridie mtima uli m'mwamba. Akuti ali mwana, kusukulu ankawakhazika pamanja awo kuti asayankhule nawo, ndiye analumbira kuti mwana wawo sadzalowa m'banja lochita manyazi ndi manja. Makolo a Tadala anali atawaona kale. Tsopano ankafuna kuona ine, tsinde la mbumba yonse, kuti adziwe ngati kwathu mwana wosamva timamubisa kuseri kwa nyumba kapena timamukhazika pakhonde. Esnart anayamba kundilangiza zochita ndi zosachita, ine ndinamudula kuti maukwati ndamanga ambiri iye asanamere mano. Iye poti anali atachokera ku shifiti ya usiku kuntchito, anatsamira windo, tulo basi. (Tulo timene tija, Mulungu atikhululukire, ndi timene tinandipachika.)

Kufika kuholo, eee, anthu kudzaza, anthu kukondwa! Matebulo a makeke, ana opakidwa utoto kumaso, pakona ena akuphunzitsa alendo zilembo za zala. Koma phokoso lake ndi la makapu, la mapazi, la kuseka basi. Nkhani zonse zili m'malere, zikuuluka uku, zikuuluka uko. Mtima wanga unayamba kuimba wokha.

Pakhomo panali azibambo awiri, wina uku wina uku, manja ali pakati pa nkhani. Podutsa pake n'pakati pawo pomwepo. Ine mwana wa munthu sindingadule nkhani ya akuluakulu nditaima ngati mlongoti. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, odi, odi, zikomo, zikomo, ndikukwawa ndi chikwama changa kukhwapa. Azibambo aja nkhani anasiya. Wina anandigwira mkono, wina anathamangira mpando, mayi wina anabwera ndi madzi, wina akundikupiza ndi pepala. Amayesa agogo akomoka. Esnart anandinong'oneza kuti kuno umangodutsa msangamsanga osawerama, chifukwa ukayamba zogwada maso onse amachoka pa nkhani n'kubwera pa iwe. Ndinamwa madziwo, poti anali atabwera kale.

Ndisanapume bwino, magetsi aja thi, ŵee, thi, ŵee. Ine wa ku Malawi magetsi akayamba kuphethira ndimadziwa chotsatira. Ndipo ndinaganiza mwanzeru kwambiri kuti anthu awa mdima ukagwa ndiye kuti pakamwa patsekedwa. Ndinapisa m'chikwama, ndinatulutsa tochi yanga imene sindiisiya ngakhale popita kutchalitchi, ndinathamangira kutsogolo, n'kuwalitsa pa bambo amene anali atakwera pansanja, kuti manja awo aoneke. Kuwala kuja m'malo mwa manja kunapeza maso. Bambo aja anaphimba kumaso, holo yonse kugwa ndi phwete. Kani kuphethiritsa magetsi ndiye belu lawo, kuitana anthu kuti ayang'ane kutsogolo. Bambowo anali achifundo, anandiweramira, n'kuuza anthu kuti chaka chamawa za magetsi adzayang'anira ndi agogo. Ine ndinaseka nawo, ndikuti zoipa zatha.

Kani zoipa zinali zikuvala nsapato.

Tadala anabwera atagwira dzanja la mayi wamfupi, wa imvi mbuu, wa juzi yobiriwira. Asewere anga. Declan ali kumbuyo kwawo, thukuta pamphumi ngati akupita kukhoti. Esnart anaima patsogolo panga kuti atanthauzire, ndipo womasulira maso ake sachoka pa manja a woyankhula, ndiye zakumbuyo kwake sankaziona. Ine ndinachita zimene amayi anga anandiphunzitsa, zimene agogo anga anaphunzitsa amayi anga. Ndinagwada, manja pachifuwa, nkhope kumbali, maso pansi. Asewere sayang'anidwa m'maso ngati ukugula nawo tomato.

Mawu anayamba kutsika kuchokera pakamwa pa Esnart, mawu okoma, mawu ozuna. Akuti a Bridie akondwa kuti ndayenda mtunda wautali. Ine mutu pansi. Akuti Tadala ndi kuwala m'nyumba mwawo. Ine mutu pansi kwambiri. Akuti iwo sauza anthu wamba za ubwana wawo, koma ine andiuza, chifukwa ndife amayi tonse. Apo ndiye chipumi changa chinatsala pang'ono kupsompsona matabwa. Mumtima ndikuti, lero a ku Ulaya aona mwambo.

Kenako mawu aja anayamba kudukaduka. Kenako zii. Ine ndikuona nsapato zokha, nsapato zofiirira za lamba. Nsapato zija zinabwerera m'mbuyo, zinatembenuka, zinapita.

Matabwa ananjenjemera pansi pa mawondo anga. Anali Tadala, akuponda pansi mwamphamvu, mmene amaitanirana iwo. Anandigwira chibwano n'kundidzutsa nkhope, ndipo ndinapeza mwana misozi ili mbwembwembwe. Esnart anatembenuka, kundiona ndili chogwada, anagwira mutu.

"Amayi, nthawi yonseyi munali pansi pomwepo?"

"Nanga ndikanakhala pati, pamaso pa asewere?"

"Amayi, kuno maso ndiye makutu. Munthu akamayankhula iwe n'kuyang'ana kumbali, ndiye kuti wamuuza kuti zonena zake sukuzifuna."

Ana inu, mayi uja anatsegula chilonda cha ubwana wake kuti andionetse, ine n'kumupatsa liwombo. Nditayang'ana kukhomo, a Bridie akuvala jekete, Declan akuwatchingira njira, manja ake akupempha, manja a amake akukana mwachidule, mwaukali, ngati akudula nkhuni.

Kuitana sungaitane, munthu sakumva. Ndinadzuka, mawondo kulira, ndinadutsa pakati pa nkhani zitatu za anthu osawerama ngakhale pang'ono (phunziro limodzi linali litalowako), ndinafika, ndinawagwira paphewa. Anatembenuka. Ndipo ine, mwana wa amayi anga, ndinayang'ana asewere m'maso. Ndabereka ana, ndaika maliro, ndakwera ndege, koma chinthu cholemera chotere sindinanyamulepo. Khosi linkafuna kugwa lokha, ine ndikulikoka. Maso awo anali otuwa ngati mitambo ya kuno, ndipo anali onyowa.

Ndinauza Esnart kuti awauze kuti kwathu munthu amene timamulemekeza kwambiri ndi amene sitimuyang'ana, kuti mutu wanga unkatsika chifukwa mawu awo ankandilemera ndi kukoma. Manja a Esnart anayenda, anayenda. A Bridie anandiyang'ana nthawi yaitali, jekete ili mkono umodzi. Kenako anafunsa, Esnart n'kutanthauzira.

"Akuti nanga pansipo munaonapo chiyani chokoma kuposa nkhope yawo?"

"Uwauze kuti nsapato zawo ndi zabwino, koma lamba wa yakumanzere watsala pang'ono kuduka."

Anayang'ana phazi lawo. Lamba analidi lendelende. Kuseka kumene anaseka mayi aja, kuseka kochokera m'mimba, kopanda kudziletsa, mpaka anatsamira Declan. Jekete inabwerera pa msomali. Koma atapukuta misozi nkhope inakhalanso zii, ndipo anandifunsa funso limodzi lokha, loti kodi kwathuko Tadala timamuonetsa kwa alendo. Ndisanayankhe magetsi anaphethiranso (tochi sindinaikhudze), ndipo Tadala anathamangira kunsanja, poti inali nthawi yake.

Tinakhala mpando umodzi kutsogolo, ine ndi asewere anga, funso lili lendelende pakati pathu. Mdzukulu wanga anaima yekha, n'kuyamba kusimba nthano ndi thupi lonse. Ine chinenerocho sindichidziwa, koma ndinaona ndege ikunyamuka, ndinaona mwana kumsana, ndinaona chisanu chikumuluma zala, ndinaona zala zomwezo zikuphuka ngati maluwa a dzungu m'mawa. Mwana amene anthu ena kumudzi ankamunena kuti wapita pachabe, lero holo yonse ili pa manja ake, osaphethira.

Atamaliza, anthu onse anakweza manja m'mwamba n'kumawagwedeza, ndiko kuomba m'manja kwawo, holo yonse ngati munda wa chimanga pa mphepo. Nanenso ndinakweza, nanenso ndinagwedeza, ndikuti lero ndichite zofanana ndi anzanga. Koma khosi langa silinapite kusukulu. Nthungululu inatuluka yokha, yaitali, yakuthwa, ya pa chinkhoswe. Akumva onse anadumpha. Mayi wothira tiyi anathira pa tebulo, khanda lina linayamba kulira, Esnart anabisa nkhope m'chikwama. Osamva okha ndiwo anapitiriza kugwedeza manja mwamtendere.

A Bridie anali ataona lilime langa likuvina. Anafunsa Esnart kuti agogo akutani, iye n'kuwauza kuti kwathu mkazi akanyadira mwana wake amatero, kuti mudzi wonse umve, ngakhale a kutsidya kwa mtsinje adziwe kuti mwanayo ndi wathu. Mayi aja anatenga dzanja lawo n'kuliika pakhosi panga, n'kundikodola kuti ndibwereze. Ndinabwereza, ana inu, ndinabwereza mpaka mawindo anavomera. Dzanja lawo linkanjenjemera pamodzi ndi khosi langa, maso awo ali pa ine, anga ali pa iwo. Atachotsa dzanjalo anayankhula pang'ono chabe, ndipo Esnart anatanthauzira.

"Akuti pa tsiku la ukwati, mpando wawo ukhale pafupi ndi khosi limeneli."

Tadala analumpha kuchoka pansanja osadzera pa masitepe. Tisanatuluke muholomo anali atandipatsa kale dzina la manja, poti iwo munthu akakhala wawo amamutcha dzina lawolawo. Langa ndi dzanja pakhosi, zala zikugwedezeka. Ndikalowa pamene pali osamva a kuno, dzina langa limandiyambira kufika.

Ndiye pano ndili pa sukulu ya maso, kukonzekera ukwati. Ndimayang'ana woyendetsa basi, ndimayang'ana wogulitsa buledi, ndimayang'ana abusa mpaka amataya vesi. Kunyumba ndimayeserera pa mkamwini wanga, bambo a Tadala, amene tsiku lija anali kuntchito ndipo nkhaniyi anangoimva theka. Munthuyu zaka zonsezi ine ndi iye timapatsana moni nkhope zili kumbali, monga mwa mwambo. Tsopano akangolowa m'khitchini amapeza maso a apongozi ali tong'o pa iye. Dzulo anasiya tiyi wake ali wotentha, ndipo ndinamumva pakhonde akufunsa Esnart motsitsa mawu kuti kodi walakwa chiyani, ndipo apepese kwa ndani.